Makaseti a Mayi Renate

Anthu kuno ku Nchalo akandifunsa kuti ku Amereka ndinkagwira ntchito yanji, ndimangoti ndinkasambitsa nkhalamba, nkhani n'kuthera pomwepo. Achemwali anga, amene ndinawapeza atasanduka eni nyumba yomwe ndinamangitsa ine, amawonjezera kuti, "Zaka zonse zija kukasintha matewera a azungu." Sanama ayi, matewera ndinasinthadi, ndipo sindichita nawo manyazi. Koma pali ntchito ina imene ndinaigwira masabata atatu okha, ndipo ndi imeneyo imene ndimainyadira. Sindiikamba kawirikawiri chifukwa kuti munthu aimvetse amafunika kukhala pansi, ndipo achemwaliwo sakhala pansi.

Ndinachoka mwana wanga wamkazi atangoyamba sekondale. Ndinafikira ku Woodbridge, m'chipinda chapansi pa nyumba ya anthu ena, mmene zenera lake linkangoonetsa matayala a galimoto. Tinkakhalamo awiri, ine ndi ba Judith a ku Lusaka, amene ankagwira ntchito ngati yangayi. Mayi amene uja anandilera ngati m'bale wake. Ndi iye anandiphunzitsa kukwera sitima, kuvala masokosi awiriawiri nyengo yozizira, komanso kusayankha bwana akakwiya. Koma pakamwa ankanditopetsa. Ine ndikati madzi, iye manzi. Ndikati dzina, iye zina. Ndikapsa mtima, chiyankhulo cha kwathu ku Chikwawa n'kutulukira, ndiye zinkamukomera kwabasi.

"Ba sisi, kambani bwino," ankatero akuseka. "Bvuto ni chani? Ise tiziba vuto."

Ndinkamusiya. Za bvuto ndi pfupa anandiseka kale anzanga ku sukulu ku Blantyre, mpaka ndinaphunzira kuzibisa ngati chilonda.

Chaka china kampani yathu inanditumiza ku Alexandria, tauni ina yapafupi, kwa mayi wina wa ku Jeremani dzina lawo Renate. Anali okalamba kwambiri, maso atachita khungu pang'ono, makutu atatsala kumodzi kokha, kumanzere, nako kofuna kuti uyandikire ndi kukweza mawu. Anzanga awiri anali atathawako kale. Ankati ndi ovuta, amakonza munthu ngakhale kapindidwe ka thawulo. Zinali zoona. Tsiku loyamba ndinapinda thawulo limodzi katatu, mumtima ndikuti mayi inu, mundiona.

Madzulo a tsiku lomwelo anandifunsa kuti kwathu ndi kuti. Tinkayankhulana Chingerezi, chawo cholemera, changa chopunduka. Ndinati Malawi.

"Malawi ndi dziko. Ndafunsa kwanu."

Ndinati Chikwawa, kumunsi kwa Shire. Anandifunsa kuti vuto timalitchula bwanji kwathu, ndipo a ku likulu amalitchula bwanji. Ndinatchula zonse ziwiri, yakwathuyo monong'ona. Anandigwira dzanja n'kundikokera ku khutu lawo.

"Bwerezani yakwanuyo. Mokweza."

Ndinati, bvuto. Nkhope yawo inawala ngati ndawapatsa mphatso. Anati milomo yanga yasunga chinthu chimene anthu ena anachitaya kalekale, ndipo ndisalole munthu kundilanda. Zaka zonse zimene ndakhala pa dziko, munthu woyamba kuyamikira mawu a amayi anga anali mzungu wogontha. Thawulo lija ndinawakhululukira pomwepo.

Pa khoma la chipinda chodyera panali mapu aakulu a dziko lawo, mtsinje wa Rhine ukutsika pakati, ndipo mizere yofiira ikuwoloka mtsinjewo motalikirana ngati zala za dzanja lotambasula. Poyamba ndinkayesa ndi misewu. Iwo anati ndi malire, koma osati a boma. Anandiuza kuti kalekale anthu a kumwera, kumapiri, anayamba kusintha katchulidwe. Pamene makolo awo ankati p, iwo anayamba kunena pf kapena f. Pa t anaikapo ts kapena s. Pa k anaikapo kaphokoso kena ka pakhosi, kamene amakalemba ch. Palibe amene analamula. Kusinthako kunangoyenda mudzi ndi mudzi kulowera kumpoto, kenako n'kutopa panjira. Chimene chinkawasangalatsa n'chakuti liwu lililonse linatopera pa malo akeake.

Ankaloza ndi ndodo yawo, osaona bwino koma osaphonya. "Kuno kumpoto, pofuna kunena kuti ine, amati ik. Kupanga amati maken. Mukatsika pang'ono n'kuwoloka mzere uwu, ayamba kunena ich, koma maken akadali maken. Mukawoloka wachiwiriwu, ndiye machen. Kutsikanso, mudzi wasiya kukhala dorp, wakhala dorf. Kenako dat asanduka das. Kumunsi kwenikweni uko, apozi amene onsewa amati appel, ndi kumene amati apfel."

Ndinawafunsa kuti mizereyo anaiona ndani, popeza pansi sipalembedwa kanthu. Anati anthu ambiri anaifufuza iwo asanabadwe, ndipo iwo ali mtsikana anapita kukaona ngati idakali pomwepo. Ankamanga makina ojambulira mawu pa keliyala ya njinga, cholemera ngati thumba la chimanga, n'kumapalasa mudzi ndi mudzi. Akafika ankafunsa munthu wokalamba kuposa onse, wobadwira pomwepo, wosakhalako kwina, komanso amene mano ake akadalipo. Pa za manozo ndinaseka mpaka misozi. Iwo osaseka. Anati munthu wopanda mano angakusunthire mzere wonse. Aliyense ankamufunsa ziganizo zomwezomwezo m'Chijeremani cha kusukulu, iye n'kuyankha m'chiyankhulo cha m'mudzi mwake. Agalu anawaluma, mvula inawanyowetsa, ena ankawayesa kazitape. Ine ndinkawayang'ana mayi amene ndinkawamangira zingwe za nsapato aja, n'kumaganiza za mtsikana wa panjingayo, ndipo ndinkawapatsa ulemu ndi mtima wonse.

Mawu onse amene anajambula anali m'makatoni m'chipinda chapamwamba. Malemu amuna awo anawakopera m'makaseti, mazana angapo. Pa kaseti iliyonse panali nambala yokha, chifukwa lamulo la ntchitoyo linali loti dzina la munthu lisalembedwe pa tepi. Mayina ndi midzi zinali m'kope lina, ndipo kopelo linawola chaka china madzi atalowa m'chipinda chapansi.

Ndinakhala nawo zaka ziwiri ndi miyezi. Kenako anagwa m'bafa Lamlungu lina ine kulibe. Sanathyoke, koma mwana wawo, a Martin, anati basi, amayi asamukira ku nyumba yosungira okalamba ku Gaithersburg, kufupi ndi kwawo. A Martin anali munthu wabwino, wotanganidwa, womva Chijeremani koma woyankha m'Chingerezi, ngati mmene ana athu obadwira ku Amereka amachitira ndi Chichewa. Anapezanso yunivesite ina ku Jeremani imene inavomera kusunga makaseti. Galimoto yodzatenga makatoni inali yoti ifika Lachisanu, patatha masabata atatu.

Kuyambira tsiku limenelo Mayi Renate anasiya kundikonza. Ndinapinda thawulo mokhota dala, iwo zii. Chakudya ankangochitembenuza ndi foloko. Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira.

"Mayi, mukapanda kudya ndiwaimbira a Martin. Chavuta n'chiyani?"

Anaika foloko pansi. Kenako anati, "Bambo anga ali m'makatoni aja. Sindikudziwa kuti ali mu kaseti iti."

Anandiuza kuti bambo awo anali woluka nsalu m'fakitale, munthu wa m'mudzi wosapita patali ndi sukulu. Iwo ali mwana, aphunzitsi ankawamenya akayankhula ngati bambo awo, mpaka anafika pochita manyazi bambowo akatsegula pakamwa pamaso pa anzawo. Atayamba ntchito ya panjinga ija anawajambula nawonso, monga ankachitira ndi nkhalamba iliyonse, n'kuwapatsa nambala. Zinthu sizinayende bwino tsiku limenelo. Mayi Renate anapsa mtima, n'kutuluka panja, chitseko phwaa, makina akuzungulirabe. Tepiyo sanaimvetsere. Chaka chotsatira bambowo anamwalira. Ankangoti ndidzaimvera, ndidzaimvera, mpaka kope linawola ndipo makutu anatha.

"Ndayesa ndekha," anatero. "Ndikungomva ngati mvula pa denga. Martin agogo ake sanawaone, ndipo k ndi ch kwa iye n'chimodzimodzi."

Ndinati ine Chijeremani sindichidziwa ngakhale moni.

"Sindikufuna kuti mumve tanthauzo. Ndikufuna makutu. Munthu wosiyanitsa vuto ndi bvuto angasiyanitsenso appel ndi apfel."

Tinayamba m'mawa mwake. Ndinatsitsa makatoni onse, msana ukulira. Kaseti iliyonse inali yaitali, ndipo kumvetsera zonse mpaka kumapeto kukanatitengera miyezi. Koma mawu ofunikawo ankabwera m'mphindi zoyambirira. Mudzi wa bambo awo unali m'kachigawo kopapatiza pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri, kumene amati ich koma maken. Choncho tinaika milu patebulo motsatira mapu. Ndinkavala mahedifoni, kudina batani, n'kumva kamtsikana ka mawu akuthwa kakufunsa, amene anali iwowo, kenako nkhalamba ikuyankha. Ndikamva liwulo ndinkaweramira ku khutu lawo n'kulibwereza, iwo n'kuloza mulu.

Abale, anthu aja ndinawakonda. Ena ankatsokomola, ena ankaseka mafunsowo, kwina nkhuku zikulira kumbuyo, kwina belu la tchalitchi. Mayi Renate ndikawabwerezera mawu atatu okha ankati, "Ameneyu ndi wa kutsidya kwa mtsinje, kumene amalima mphesa," kapena, "Uyu ndi wa kumalire ndi Holland." Kope linawola, koma dziko lonse linali m'mutu mwawo. Anayambanso kudya, ndipo anayambanso kundikonza. Ndikatchula ch mofewa ankagogoda tebulo ndi supuni.

Ba Judith nditawafotokozera anagwira m'chiuno. "Nanga ni nchito yabwanji iyo? Anakulembani kusambika nkhalamba, osati kumvela mizimu mu wailesi." Koma m'mawa uliwonse ankandiikira mandasi m'chikwama, ati makutu sagwira ntchito ndi njala.

Pofika Lolemba la sabata yomaliza tinali titamaliza kusankha. Pa mulu wa ich ndi maken tinachotsapo makaseti a akazi, n'kutsala amuna asanu ndi anayi. Amenewa ndinawamvetsera mpaka kumapeto, mmodzimmodzi, ndikudikira chitseko chomenyetsedwa chija. Woyamba anamaliza bwinobwino. Wachiwiri anaimba nyimbo. Wachisanu anagona, ndinamva mkonono. Lachitatu masana ndinamaliza wachisanu ndi chinayi. Chitseko panalibe.

Nditawauza anangogwedeza mutu. Anati mwina amuna awo anaiphonya pokopera, mwina inatayika posamuka. Anati ndiyambe kulongedza. Anayankhula modekha, ndipo kudekhako kunandipweteka kuposa kulira. Ine mtima unakana. Ndinawapangira tiyi, n'kukhala kumanzere kwawo.

"Mayi, tsiku limene lija munakwiya chifukwa chiyani?"

"Zachibwana," anatero. "Ndinawauza kuti akhale monga amakhalira masiku onse. Ndikufika ndinawapeza atameta ndevu, atavala jekete ya kutchalitchi ndi tayi, atakhala njo pampando ngati ali m'khoti. Anandinyansa."

Ndinaika kapu pansi. Ndinakumbukira malume anga, amene akamapita kukaonana ndi adokotala ku Blantyre ankavala jekete, ndipo akangolowa pageti bvuto yense ankasanduka vuto, Chichewa cha pa wailesi chenicheni, mpaka titakwera basi yobwerera.

"Ngati thupi analiveka jekete," ndinatero, "lilime analisiya lamaliseche?"

Sanandimve bwino, ndinabwereza. Ndinati munthu wovalira tayi makina a mwana wake wophunzira sangayankhe m'chiyankhulo chimene mwanayo ankachita nacho manyazi. Bambo anu sanati maken. Anati machen, kuti akusangalatseni. Tinawaika pa mulu wa eni ake.

Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anayankhula motsitsa, ngati akudzikalipira. Anati zaka makumi atatu ankaphunzitsa ophunzira awo kuti munthu akaona makina amasintha pakamwa, ndipo uzimudikira mpaka aiwale kuti makinawo alipo. Anati m'mutu mwawo bambo awo ankangoyankhula ngati kunyumba, ndipo sanaganizepo kuti lamulo limenelo lingakhudzenso iwo.

Mulu wa machen unali waukulu, ndipo tinatsala ndi tsiku limodzi. Koma ndinkakumbukira kanthu. Sabata yoyamba ndinamva bambo wina amene ch wake ankatuluka movutikira, ngati munthu wotsamwa ndi munga wa nsomba, ndipo ndinaseka ndekha. Nambala yake sindinaisunge. Lachinayi ndinakwera sitima yoyamba, ndipo ndinafika iwo atadzuka kale, atakhala patebulo ndi juzi yovala mozondoka. Ndinayamba kudina, kumva, kuchotsa. Chakudya chamasana sitinadye. A Martin anabwera ndi tepi yomatira makatoni, n'kuima pakhomo akutiyang'ana.

Cha m'ma fili koloko ndinamupeza. Kamtsikana kanafunsa, bamboyo n'kukonza pakhosi, n'kubwereza chiganizo chonse monga momwe anachimvera, machen wake akuchita kumukankha. Kamtsikana kanayankhula mwaukali. Iye anayesanso, chimodzimodzi. Ndinapitiriza kumvetsera. Kenako mpando unakhuluzika, mapazi, chitseko phwaa.

"Ndi awa," ndinafuula m'khutu mwawo. "Chitseko chamenyedwa."

Ndinawaveka mahedifoni n'kukweza mpaka pamapeto. Anatseka maso, anapendeketsa mutu, anadikira. Kenako anawavula pang'onopang'ono.

"Mvula yokhayokha," anatero.

Ndinavalanso ine kuti ndizimitse, ndipo ndi pamene ndinamva kuti tepiyo sinathe. Patapita kanthawi ka chete, bambo aja anapumira m'mwamba, mpando n'kulira, ngati munthu wamasula tayi. Ndiye anayamba kuyankhula okha, mawu ena ndithu, ofewa, othamanga, opanda kutsamwa kuja. Ndinamva ich, ndinamva maken.

"Mayi, akuyankhulabe. Inu mutatuluka anapitiriza."

"Akuti chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Nenani zomwe mukumvazo. Musakonze kanthu."

Ndinabweza tepi. Ndinkamvera mawu atatu kapena anayi, kuimitsa, kuweramira ku khutu lawo lamanzere n'kuwatchula monga anatulukira, ndi kukwera ndi kutsika kwake komwe, ngakhale pamene bamboyo anaseka pang'ono. Liwu limodzi lokha ndi limene ndinalidziwa pambuyo pake, kenk, kutanthauza mwana. Linabwera katatu. Iwo anandigwira mkono, zala zikulowa m'mnofu, ndipo ndinapitiriza mpaka pamene tepi inati thi.

A Martin anafunsa m'Chingerezi kuti agogo akuti chiyani, chifukwa chiyankhulo cha m'mudzicho iwo sankachimva. Amayi awo anatanthauzira, ndipo ine ndikuika m'Chichewa monga ndinamvera.

"Akuyankhula ndi makina. Akuti, iwe chitsulo, wandiona ndalakwitsanso. Ndimafuna ndiyankhule bwino kuti akakumvera akuluakulu a kusukulu asamuseke mwanayu. Ndi mwana wanga ameneyu, ngakhale amayankhula ngati dokotala. Zimene akupanga sindizimvetsa, koma azipanga bwino, amatero kuyambira ali wamng'ono. Ndiye iwe usamulemere panjinga, mwana wanga ndi wochepa thupi."

A Martin anaika tepi yomatira ija pampando n'kupita pazenera. Ine ndinalira poyera, sindinabise, ngakhale kampani inkatiuza kuti tisamalire pamaso pa odwala. Mayi Renate sanalire. Anandikoka mkono.

"Bwerezaninso pomaliza paja."

Ndinabwereza. Anayankha mawu ochepa m'chiyankhulo chimene ndinali ndisanawamvepo akuyankhula, chofewa ngati cha pa tepi chija. Sankayankha ine, ndipo sindinafunse tanthauzo.

Kenako ndinatulutsa kaseti ija n'kuwafunsa kuti ndiike m'chikwama chawo cha ku Gaithersburg kapena ipite ndi zinzake. Anaigwira m'manja, kuitembenuza, chala chikusisita pa nambala. Anati a Martin aikopere mu foni yawo, ana awo adzamve agogo awo, ndipo kasetiyo ipite kumene anthu a makutu akaimvere. Ndinatambasula dzanja kuti ndiibwezere pa mulu umene ndinaitenga. Anagogoda tebulo ndi supuni.

"Osati pamenepo. Akhala kwa eni ake mokwanira. Abwezereni kwawo."

Ndinasuntha makaseti asanu ndi anayi aja pang'ono, n'kuwaika bambowo pakati pa anansi awo.